Kuoda matchaja ndi mabatire ku Kariakoo: yankho kwa mng'ono wanga

Mng'ono wanga, wandifunsa zinthu ziwiri. Ukufuna kudziwa momwe ulendo wokaoda matchaja ndi mabatire a foni ku Dar es Salaam umayendera, komanso chifukwa chimene makasitomala ena amabwererera patebulo panga ku Kamwala, kuno ku Lusaka, atakwiya kuti foni sikutchaja. Mafunso akowa ndi amodzi. Njira uidziwa ukangopita kawiri, koma chimene chimadya mpamba wa anthu ndi katundu wobwezedwa.

Basi timakwerera ku Intercity, kudutsa Kabwe, Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka mpaka ku Nakonde, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,000. Ukawolokera ku Tunduma ukwera ina yodzera ku Mbeya, Iringa ndi Morogoro. Ena amakonda sitima ya TAZARA yonyamukira ku Kapiri, koma imafuna munthu wosafulumira. Paboda usanamizidwe ndi amene angakuuze kuti katundu wosapitirira madola 2,000 salipira msonkho. Dongosolo limenelo ndi la COMESA, bungwe la zamalonda la mayiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, ndipo ndi la katundu wopangidwa m'mayiko a bungwelo. Tanzania inatulukamo mu 2000, ndipo matchaja athuwa ambiri ndi ochokera ku China. Sunga malisiti onse, onetsa katundu kwa a ZRA, otolera msonkho ku Zambia, lipira. Anyamata olonjeza njira zachidule uwakane, chifukwa katoni ikalandidwa sudzawaonanso.

Tsono nkhani yeniyeni ili ku Kariakoo, msika waukulu wa ku Dar es Salaam. Ulendo wanga wachitatu ndinagula katoni ya zingwe zotchajira pasitolo ina. Zinali zokongola, zolukidwa ngati chingwe cha nsapato, ndipo mnyamata wogulitsa anandiyesera chimodzi chimene anatenga yekha. Nditafika ku Lusaka, sabata isanathe zinayamba kubwerera. Ndinadula chimodzi ndi lezala: mkati munali tiwaya tating'onoting'ono ngati tsitsi. Chingwe chotero chimaonetsa chizindikiro chakuti foni ikutchaja, koma moto umalowa pang'onopang'ono, usiku wonse foni osadzaza. Ndinalira, chifukwa ndalamazo zinali za chilimba.

Kuyambira pamenepo sindipita popanda kachipangizo koyezera moto wa USB. Ndi kakang'ono ngati chala, umakalumikiza pakati pa tchaja ndi chingwe, kamaonetsa mavoti ndi maampu. Tchaja wamba imatulutsa mavoti 5. Ngati yalembedwa 2A, kutanthauza maampu awiri, koma foni yopanda moto ikungokoka 0.5, ibwezere pashelefu. Ndipo zoyesa uzisankha wekha, upise dzanja pansi pa katoni. Yang'ananso mano a tchaja, pakuti nyumba zambiri kwathu kuno zili ndi masoketi a mabowo atatu.

Ma power bank anayenda malonda kwambiri mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku. Pamenepo m'pamenenso onyenga anachuluka. Kanthu kopepuka ngati bokosi la machesi koma kolembedwa 50,000 mAh (muyeso wa moto umene kamasunga), limenelo ndi bodza. Ngakhale yabwino siipereka moto wonse wolembedwawo, chifukwa mabatire a mkati ndi a mavoti 3.7 ndipo wina umatayika pokwezedwa kufika pa 5. Kasitomala umuuze zimenezi asanapereke ndalama.

Munthu akabwera ndi foni yosatchaja, usathamangire kumugulitsa batire, ngakhale phindu lake ndi lalikulupo. Yamba ndi chingwe, umuyesere chako chimene ukuchidziwa, chifukwa zingwe zimaduka mkati pafupi ndi kumutu, pamene anthu amapinda akamaseweretsa foni ili pamoto. Kenako sintha tchaja. Zikakanika, unika m'kabowo kotchajira. Dzulo lomweli kunabwera mayi wina wogulitsa tomato kumsika wa Soweto, Tecno yake amaimangirira pachitenje tsiku lonse. Amati batire yafa, ndalama ali nazo kale m'manja. Ndinazimitsa foniyo, n'kutenga kamtengo kotokosera mano, n'kutulutsa pang'onopang'ono kachibulumwa ka ulusi ndi fumbi kofanana ndi njere ya mapira. Chingwe chinalowa mpaka kumapeto, foni n'kuyamba kutchaja. Sanalipire kanthu, koma lero wanditumizira anzake awiri. Singano kapena pini usalowetsemo, umapinda timano ta mkati.

Ngati chingwe chikugwedera m'kabowo moti mpaka uchigwirizire, imeneyo ndi ntchito ya okonza mafoni, mutumize kumeneko. Batire yotha imadziwika: foni imazima ikadali pa 30 kapena 40 peresenti, kapena imadzaza msanga n'kuthanso msanga. Koma ukaona chivundikiro cha kumbuyo chatukuka kapena galasi likunyamuka, batire yatupa. Imeneyo asaiikenso pamoto ngakhale kamodzi, ndipo asaiboole, chifukwa batire ya lithium ikhoza kuyaka. Apa sindinyengerera munthu, anthu amagona ndi mafoni pansi pa pilo, ana ali pambali.

Mabatire usaode ambiri. Amakalamba ngakhale ali papaketi, ndipo kutentha kumawapha msanga, choncho m'basi asakhale pafupi ndi injini, ndipo patebulo asakhale padzuwa. Batire iliyonse ili ndi nambala yake, ndiye usanapite yendayenda kwa okonza mafoni ulembe manambala amene amasowa, makamaka a Itel, Tecno ndi Samsung. Zingwe za Type-C utenge zambiri kuposa za micro USB, koma zakalezo usazisiye, mafoni ake akadali ambiri m'makomboni.

Mwezi wamawa ndikupita. Konza pasipoti, ndalama ugawe patatu, ya katundu, ya msonkho ndi ya njira, ndipo ubwere Loweruka kutebulo ndidzakuphunzitse kuwerenga kachipangizo kaja tisananyamuke.