Newt ndi mbuna m'thanki imodzi sizingatheke, achimwene

Achimwene ena a ku Matawale mu Zomba anditumizira imelo. Ali ndi thanki yagalasi ya malita 120 momwe muli mbuna 6, ndipo mnzawo wa ku Johannesburg wawalonjeza ma newt awiri a mimba yofiira. Akufunsa ngati angawaike momwemo.

Funsoli landikhudza, chifukwa tinyamati timafa pang'onopang'ono popanda kulira, mwini wake n'kumaganiza kuti tangodwala tokha.

Kwa amene simunamuonepo, newt amaoneka ngati buluzi, koma ndi m'bale wake wa chule: alibe mamba, khungu lake ndi lanyontho ndipo amapumiranso pakhungupo. Kuno ku Malawi kulibe newt wam'tchire ngakhale mmodzi. Wa mimba yofiirayu, Cynops orientalis, kwawo ndi ku China, m'maiwe ozizira a madzi odekha. Amatalika masentimita 6 mpaka 10 basi, ndipo akasamalidwa amatha zaka zoposa 10.

Vuto loyamba ndi kutentha kwa madzi, ndipo palibe njira yolizembera. Mbuna zimafuna madigiri 24 mpaka 28, monga kunyanja. Newt amafuna 14 mpaka 20. Madzi akapyola 23 kwa masiku angapo amasiya kudya, amatuluka m'madzi n'kukhala pamwala tsiku lonse, kenako zilonda zimayamba pakhungu. Ena amati aike hita pa 22 kuti onse akondwe. Apo simunakondweretse aliyense, achimwene, mwangozunza mbali zonse ziwiri. Komanso mbuna zimakonda madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya 7.8 kupita m'mwamba, ndi fiyuluta yamphamvu yotakasa madzi. Newt sasambira mwamphamvu. Mafunde a fiyuluta yotere amamutopetsa mpaka kumangokakamira pakona.

Nanga khalidwe la mbuna? Aliyense amene waziweta akudziwa kuti mwala uliwonse uli ndi mwini wake. Mbuna imaluma inzake yofanana nayo msinkhu, ndiye kanyama koyenda mwaulesi pansi kaichita bwanji? Zimayamba ndi nsonga ya mchira, kenako zala. N'zoona kuti newt amameranso mwendo ukaduka, koma bala lotseguka m'madzi ofunda limagwira nkhungu lisanapole. Pa chakudya ndiye musanene. Newt amasaka ndi fungo, amatenga nthawi kuti apeze nyongolotsi, pamene mbuna zimamaliza zonse chakudya chisanafike pansi.

Nsombazo nazonso zili pangozi. Khungu la newt ameneyu lili ndi poizoni wotchedwa tetrodotoxin, yemwe amapezekanso mu nsomba zodzitukumula zija zotchedwa pufferfish. Mtundu wofiira wa kumimba ndi chenjezo limenelo. Nsomba yomuluma imatha kudwala, ndipo akafera kuseri kwa mwala osaonedwa, madzi onse amaonongeka. Inunso mukamugwira sambani m'manja ndi sopo musanagwire m'maso, ndipo ana asamamuseweretse.

Ndinene mosabisa: wogulitsa aliyense amene akuti newt amakhala ndi nsomba iliyonse akungofuna ndalama zanu. Ndipo maganizo oti muike "tina ta kuno kwathu" ndi oipa koposa. Kamlamba kakang'ono ka ku Chilwa kali ndi minga m'zipsepse, newt akakameza mingayo imamukola pakhosi, ndipo kakakula ndi iko kamene kadzamumeze. Nkhanu imadula miyendo usiku. Achule aja a zikhadabo okhala m'madzi okhaokha, a Xenopus, amameza chilichonse cholowa m'kamwa, komanso amatha kunyamula matenda a pakhungu iwo osadwala. Nkhono zotola m'madambo ndiye zisiyeni komweko, zina zimasunga tizilombo ta likodzo, ndipo ndi manja anu amene amalowa m'thankimo sabata iliyonse.

Pa matendawa pali nkhani yaikulu. Nkhungu yotchedwa Bsal, imene inafalikira kudzera m'malonda a ma newt a ku Asia, inapululutsa ma salamander, abale ake a newt, ku Netherlands, ndipo inadziwika bwino mu 2013. Mu 2016 dziko la America linaletsa kulowetsa mitundu 201 ya tinyamati. N'chifukwa chake mnzanuyo asawabweretse m'chikwama mobisa, nyama yamoyo imalowa m'dziko ndi chilolezo cha boma. Ndipo zikakukanikani, musakawataye mu Likangala kapena mu Mulunguzi, ngakhale madzi a m'thanki mwawo musathire mu ngalande yopita kumtsinje.

Kodi Zomba ndi yozizira mokwanira?

Mu Juni ndi Julaye, inde. Pamwamba pa phiri, kumene madzi ndi ozizira moti nsomba za trout zimakhalako, zingatheke chaka chonse. Koma ku Matawale mu Okutobala ndi Novembala, m'nyumba ya malata, madzi adzapyola 25 mosavuta. Gulani thermometer kaye, muike m'ndowa ya madzi m'chipinda chozizira kwambiri, muziwerenga cha m'ma 3 koloko masana nyengo yotentha. Fani youzira pamwamba pa madzi imatsitsa madigiri 2 kapena 3. Mabotolo a madzi oundana amathandiza, bola muzisintha mosadukiza, chifukwa kutentha kokwera ndi kutsika msanga nakonso kumadwalitsa. Ganiziraninso za tsiku limene magetsi azima dzuwa lili pamutu.

Ngati thermometer yakuvomerezani, apatseni thanki yawoyawo ya malita 60, madzi akuya masentimita 15 mpaka 20, mwala wotulukira pamwamba, zomera zambiri, mchenga kapena miyala ikuluikulu yosamezeka, ndi fiyuluta ya siponji. Chivundikiro chikhale cha sefa yothina, poti amakwera galasi. Madzi a pampopi agone tsiku lathunthu kapena muthire mankhwala ochotsa klorini, ndipo sabata iliyonse muzisintha gawo limodzi mwa magawo 5. Muziwadyetsa nyongolotsi zoduladula katatu pa sabata. Ngati mukufunitsitsa nsomba, ndi nsomba yaing'ono yotchedwa white cloud minnow yokha imene ndingalole, poti imapirira madzi ozizira ndipo siluma. Ikhale payokha masiku 30 kaye, ndipo dziwani kuti ina idzadyedwa. Mbuna zisiyeni momwe zilimo.