Funsani Akadaulo: Chitetezo cha Anthu Ogwira Ntchito Pachigayo

Funso: Ndili ndi chigayo cha magetsi ndipo ndinalemba anyamata anayi. Anzanga akuti lamulo limafuna kuti antchito aphunzitsidwe za chitetezo. Kodi nditatumiza mmodzi kusemina ya tsiku limodzi n'kubwera ndi satifiketi, zakwana?
Mwini chigayo, Mchinji

Yankho: Sizinakwane, bambo. Lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limapereka udindo kwa olemba ntchito kuti aziphunzitsa, kulangiza ndi kuyang'anira antchito awo, ndipo oyendera malo a ntchito ochokera ku Unduna wa Zantchito ali ndi mphamvu zolowa pachigayo panu. Semina ndi yabwino, koma lamba wa makina safunsa satifiketi. Onse anayi aphunzirire pamakina omwe amagwiritsa ntchitowo.

Yambani ndi kasinthidwe ka sefa, chifukwa zala zambiri zimathera pamenepo. Mnyamata azimitse mota, kenako azimitse switchi yaikulu yapakhoma, aikepo loko, kiyi aike m'thumba mwake. Adikire mpaka mahamala (zitsulo zophwanya chimanga m'kati) ataima, pakuti amapitirira kuzungulira ngakhale magetsi atazima. Akatero adine batani loyatsira kuti atsimikize kuti makina sakudzuka, ndiye atsegule. Aliyense achite zimenezi inu mukuona, osati kungovomera ndi mutu.

Choopsa kwambiri ndi nthawi imene magetsi a ESCOM athima. Anyamata amati apezerepo mpata wochotsa ufa wotsekera, dzanja lili m'kati magetsi n'kubwera. Ngati mota yanu inalumikizidwa mwachidule popanda sitata imene imadzizimitsa yokha magetsi akapita, idzadzuka nthawi yomweyo. Itanani wamagetsi wovomerezeka aikepo sitata yoteroyo, komabe lamulo la loko likhalepobe.

Lamba ndi mapule (mawilo amene lamba amayendapo) zikhale zotchingidwa ndi chitsulo kapena waya wa sefa wolimba. Ambiri amachotsa chotchingiracho pomanga lamba n'kuchisiya pakona mpaka kalekale. Malaya olendewera, mpango ndi chitenje zimakodwa m'kuphethira kwa diso, choncho amayi odzagayitsa aziima kutali ndi mbali ya lamba. Jambulani mzere pansi ndi penti. Pamlomo wothirira chimanga ikani maginito ogwira misomali ndi mabawuti. Chitsulo chikalowa chimang'amba sefa, chimathyola hamala, nthawi zina n'kutulutsa moto.

Phokoso limagonthetsa pang'onopang'ono, ndipo makutu akafa sabwerera. Malire odziwika ndi madesibelo (muyeso wa phokoso) 85 kwa maola 8. Mulibe choyezera? Ngati muyenera kukuwa kuti munthu amene waima mita imodzi akumveni, phokosolo lafika poopsa. Thonje m'makutu silithandiza, gulani zotsekera makutu zenizeni. Pa fumbi la ufa, kansalu kapamphuno n'kongodzinamiza. Pamafunika masiki a N95 kapena FFP2 ogwira bwino pankhope.

Moto wa pamota musathire madzi. Khalani ndi chozimitsira moto cha paudala kapena cha mpweya wa CO2 pafupi ndi khomo, chikonzedwe kamodzi pachaka. Cha paudala chili ndi kamuvi koyenera kuloza pobiriwira. Aphunzitseni kusolola pini, kuloza patsinde pa moto, kufinya chogwirira ndi kuyendetsa uku ndi uku. Chimatha msanga, sichifika ngakhale mphindi imodzi.

Mmodzi kapena awiri akaphunzire chithandizo choyamba, monga ku Malawi Red Cross Society. Pomaliza gulani kope: tsiku, zimene mwaphunzitsa, mayina ndi siginecha. Wolembedwa kumene asakhudze makina asanalowe m'kopemo.

Funso: Mchimwene wanga anaduka chala pantchito. Abwana ake akuti kunali kusasamala kwake, ndiye palibe chimene alandire. Zoona?
Wodandaula, Balaka

Yankho: Si abwana amene amagamula nkhaniyi. Chipukuta misozi cha wovulala pantchito chimayendera lamulo la Workers' Compensation Act la 2000, ndipo olemba ntchito ayenera kukanena za ngoziyo ku ofesi ya zantchito. Achimwene anuwo asadikire: apite okha ku ofesi ya zantchito ya m'boma lawo ndi buku lawo lakuchipatala, mayina a mboni ndi umboni uliwonse woti amagwira ntchito pamenepo. Asasaine pepala lililonse lothetsa nkhani asanaonane ndi a ku ofesiko.