Uinjiniya kapena bizinesi? Yankho kwa mchemwali amene wandilembera

Mchemwali wina wandilembera pa imelo. Akuti wamaliza sekondale, masamu ndi fizikisi amakhoza bwino, ndipo mtima wake uli pa ntchito yomanga milatho ndi misewu. Koma anzake akumulangiza kuti atenge digiri ya bizinesi, ati chifukwa "imalowa paliponse", pomwe ya uinjiniya imamumangirira munthu pa ntchito imodzi. Akufunsa kuti asankhe iti.

Achemwali, tengani ya uinjiniya, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Ntchito zina zili ndi chipata chimene lamulo limalondera, monga udokotala, unamwino, uloya ndi uinjiniya. M'maiko ambiri simungazigwire musanalembedwe m'kaundula wa bungwe loyang'anira ntchitoyo, ndipo bungwelo limafuna kuona digiri yeniyeniyo, yochokera kusukulu imene limaivomereza. Zina n'zopanda chipata: malonda, utolankhani, kuyendetsa kampani, ndale, ngakhale kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kumeneko amayang'ana kwambiri zimene munthu angathe kuchita. Angela Merkel wa ku Germany anaphunzira fizikisi ku Leipzig, Margaret Thatcher wa ku United Kingdom anaphunzira kemisitiri ku Oxford, ndipo onse awiri anadzatsogolera maboma a maiko awo. Koma Thatcher yemweyo atafuna uloya anachita kukhala pansi n'kulemba mayeso a maloya. Digiri yake yoyamba sinamulowetse.

Apa ndi pamene malangizo a anzanuwo akuperewera. Injiniya akafuna kulowa m'zamalonda amapita kukachita MBA, digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo ambiri amakwera n'kukhala mabwana popanda ngakhale MBA imeneyo. Amafuna kuwerengera ndalama? Mayeso a ACCA, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, alipo 13, ndipo munthu atha kuwalemba akugwira ntchito. Koma wa digiri ya bizinesi akadzafuna kusainira pulani ya mlatho, ayenera kubwerera kuyunivesite n'kuyambira chaka choyamba, zaka zinayi kapena zisanu zathunthu, mwina ali kale ndi banja lomudalira. Ndiye pa madigiri awiriwa, imene ikukusiyirani njira zambiri ndi imene anzanu akuti ndi yopanikiza. Sindikunyoza digiri ya bizinesi ayi. Kwa munthu amene mtima wake uli pa malonda ndi yabwino zedi. Kungoti inu mwanena nokha kuti mukufuna milatho.

Tsono musanalipire kalikonse, fufuzani ngati maphunziro amene mukulowawo ndi ovomerezeka. Musangomva kuti yunivesite ndi yodziwika. Chimene chimavomerezedwa ndi pulogalamu yeniyeniyo, ndipo zimatheka sukulu imodzi kukhala ndi mapulogalamu ena ovomerezeka, ena osavomerezeka. Funsani ku bungwe lolembetsa mainjiniya m'dziko limene mukufuna kudzagwiramo ntchito, osati ku ofesi yolembera ophunzira, chifukwa ofesiyo ntchito yake n'kudzaza makalasi. Chimandiwawa kwambiri ndi mwana amene amamaliza zaka zinayi, makolo atadzimana, n'kukamva kubungwe kuti pepala lakelo salilandira. Ngati mumalota zodzagwira ntchito kunja, dziwaninso za Washington Accord, mgwirizano wa mu 1989 umene mabungwe a ku United States, United Kingdom, Canada, Australia, New Zealand ndi Ireland anasainirana kuti azilemekeza madigiri a uinjiniya ovomerezedwa ndi anzawo. South Africa inalowa mu 1999, India mu 2014. Digiri yochokera kunja kwa mgwirizanowu siyachabe, koma eni ake amadutsa njira yaitali younikidwa payekhapayekha.

Chinanso, kukonda milatho n'kosiyana ndi kukonda ntchito ya tsiku ndi tsiku ya injiniya. M'ntchitoyi muli kuyeza dothi, kuwerengera kulemera kumene konkire ndi zitsulo zingapirire, kukangana ndi makontilakitala, kulemba malipoti, ndi kukhala miyezi pamalo omangapo kutali ndi kwanu. Mukamaliza digiri mudzagwiranso zaka zingapo pansi pa injiniya wolembetsedwa musanaloledwe kusainira chinthu panokha. Pezani injiniya mmodzi, makamaka wamkazi, mumupemphe kuti mukhale naye tsiku limodzi kuntchito. Mumufunse zimene anachita dzulo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, phunziro limene linagwetsa anzake ambiri m'chaka chachiwiri, ndi komwe kuli anthu amene anamaliza naye kalasi imodzi.