Njinga ikupanga kabaza, inshulansi yake itengedwe iti?

Pa makalata omwe abwera pa imelo sabata ino pali ina ya achimwene ena a ku Area 25 ku Lilongwe. Akuti agula njinga yamoto ya Lifo yatsopano, gawo lina la ndalama anachita kubwereka ku banki mkhonde ya akazi awo, ndiye masana akufuna azimpatsa mnyamata wina azipanga kabaza nkumabweretsa ya tsiku, madzulo ndi Lamulungu azikwera okha. Funso lawo ndi loti atenge inshulansi ya third party, yolipira anthu ena okha, kapena ya comprehensive, yolipiranso njinga yawo, poti mitengo ikusiyana kwambiri, ndipo anzawo pa siteji awauza kuti bola kapepala koonetsa apolisi basi.

Achimwene zikomo pofunsa musanalipire, ambiri amafunsa ngozi itachitika kale. Anzanu aja akuganiza za pa rodibuloko pokha, koma inu muganize za tsiku lomwe mnyamata wanuyo adzagunde mwana pa Nsungwi kapena adzakhule chitseko cha galimoto ya munthu mu Area 47. Ndipo ndinene pachiyambi pomwe pano kuti funso la third party kapena comprehensive ndi lachiwiri. Loyamba ndi loti pa pepala la inshulansilo alembapo kuti njingayo ntchito yake ndi chani, komanso woyendetsa ndi ndani.

Lamulo la pamsewu, Road Traffic Act ija, limati chilichonse cha injini choyenda pamsewu wa boma chikhale ndi inshulansi ya third party, njinga yamoto ili momwemo. Third party ntchito yake ndi kulipira anthu ena omwe inu mwawalakwira, woyenda pansi amene mwamuthyola mwendo, galimoto yomwe mwaiphwanya magetsi, mpanda wa munthu. Njinga yanu ikaphwanyika sakupatsani ngakhale tambala, ikabedwa zanu zada, ndipo woyendetsayo akavulala naye mulibemo. Komanso ili ndi malire a ndalama yomwe kampani ingalipire pa ngozi imodzi, khoti likagamula chipukuta misozi choposa pamenepo yotsalayo imachoka m'thumba mwa mwini njinga. Inu mwini, osati mnyamata uja yekha. Ndiye funsani kuti malirewo ndi zingati, pa kuvulala kwa munthu ndi pa katundu, komanso kuti kukweza malirewo kungaonjezere zingati, nthawi zina kusiyana kwake sikukhala koopsa ngati mmene munthu umaganizira.

Tsopano apa ndi pomwe anthu a kabaza ambiri amagwera. Ukafika ku ofesi ya inshulansi amakufunsa kuti njingayi muzigwiritsa ntchito yanji, ndiye munthu poona kuti ya private ndi yotchipa amangoti ndi yoyendera ndekha bwana, kupita kuntchito ndi kutchalitchi. Amalemba zomwezo, kuti ndi ya maulendo a iwe mwini. Pakutha pa miyezi itatu njinga ija yagwa ndi mayi wonyamula dengu la tomato amene analipira kuti akatsike ku msika wa Wakawaka, lipoti la apolisi lalemba kuti inali pa kabaza, ndiye mukapita kukapanga claim, kukapempha kuti kampani ilipire, amangotsegula fayilo nkukuonetsani siginecha yanu. Njinga yonyamula anthu molipiritsa ndi ya bizinesi, ngozi zake ndi zambiri chifukwa imakhala pamsewu kuyambira m'mamawa mpaka usiku, nchifukwa chake mtengo wake umakwera. Mukabisa zimenezo ndalama yomwe mwalipirayo mwangotaya, kapepala kazikudutsitsani pa rodibuloko inde koma tsiku la mavuto kampani ili ndi chifukwa chokanira, ndipo ngakhale italipira wovulalayo chifukwa cha lamulo itha kubwereranso kwa inu kuti muibwezere. Nenani zoona, kuti masana ndi kabaza madzulo ndi yanu, ndipo muone ndi maso anu kuti zalembedwa pa pepalapo, osangokhulupirira zonena pakamwa za ejenti.

Mufunsenso mwachindunji za pasenja. Musaganize kuti poti mwatenga third party ndiye kuti wokwera kumbuyo ali momwemo, ma policy ena, mapepala a mgwirizano wanu ndi kampani aja, amafuna kuti mbali ya pasenja ilembedwe payokha, ndipo amawerengera munthu mmodzi. Zija timaona mu Mchesi ndi ku Ndirande za bambo, mayi ndi mwana pakati kuonjezerapo thumba la makala pa njinga imodzi, zikachitika ngozi kampani imafunsa kuti munali angati. Helemeti nayonso amafunsa.

Kenako laisensi ya mnyamatayo. Ichi ndiye chimandidandaulitsa kwambiri chifukwa anyamata ambiri a kabaza anaphunzira pa bwalo la mpira masiku awiri basi nkulowa mumsewu. Policy iliyonse ya galimoto kapena njinga imanena kuti woyendetsa akhale ndi laisensi yoyenera. Ya njinga ndi A1 ngati injini yake siposa 125cc, ikaposa pamenepo ndi A, ndiye onani pa blue book kuti yanuyo ndi ya ma cc angati. Laisensi ya galimoto ija muli nayo inuyo si ya njinga ayi, ndiye nanunso madzulo mukamakwera muli pa vuto lomwelo. Ngati mnyamata wanu alibe, ine ndikanati ndalama yomwe mukufuna kuonjezera pa comprehensive muyambe mwamupititsira ku Road Traffic akapeze laisensi, chifukwa comprehensive yodula bwanji koma woyendetsa wopanda chiphaso ndi chimodzimodzi kutunga madzi ndi dengu. Komanso anyamatawa amabwerekana njinga pa siteji, wina akapita kukadya amasiyira mnzake kuti aponyeko maulendo awiri, muuzeni wanuyo kuti zimenezo ayi ndipo mufunse ku kampani ngati policy yo ili ya woyendetsa wotchulidwa dzina kapena aliyense wa laisensi amene inu mwamuloleza.

Zimenezi zikakhala bwino ndiye tikambe za comprehensive. Iyi imalipira anthu ena ngati third party, kuonjezerapo njinga yanu ikawonongeka pa ngozi, ikapsa kapena ikabedwa. Pakati pa ziwirizi pali inanso ya third party, moto ndi kuba, si makampani onse amaigulitsa pa njinga koma kufunsa sikulipiritsa. Kwa inu amene muli ndi ngongole ya banki mkhonde kuba ndiye nkhani yaikulu, tonse timamva za anyamata omwe amatengedwa ndi kasitomala usiku nkukapezeka atamenyedwa kumanda njinga itapita, ndipo amayi a banki mkhonde sadzamva zoti njinga inabedwa, Loweruka likafika akufuna ndalama yawo. Ndiye maganizo anga ndi oti chaka choyamba, njinga idakali yatsopano ngongole isanathe, tengani yomwe ili ndi kuba mkati. Ikadzakalamba, mtengo wake utatsika ngongole itatha, mutha kutsikira ku third party yokhala ndi pasenja.

Koma muwerenge bwino mbali ya kubayo. Ena amafuna kuti usiku njinga izigona m'nyumba kapena mumpanda wokhoma, ndipo chinthu china chomwe eni njinga ambiri sadziwa nchakuti mnyamata wanu yemweyo akathawa nayo, makampani ambiri saitenga ngati kuba wamba poti makiyi munampatsa nokha. Funsani zimenezo musanasaine. Funsaninso za excess, ndalama ija mumayamba mwalipira inu pa claim iliyonse kampani isanaikepo yake. Pa njinga izi nzofunika chifukwa zowonongeka zambiri ndi zazing'ono, galasi, indiketa, mafoloko opindika, zomwe makaniko wa pansi pa mtengo amakonza ndi ndalama yosafika nkomwe pa excess, ndiye musayembekezere kuti kakugwa kalikonse adzakulipirani.

Mtengo wa njinga womwe mulembetse nawonso musauchepetse pofuna kuti premium, ndalama yomwe mumalipira ku kampani, itsike. Tiyerekeze njinga ndi ya K3 miliyoni inu mwalembetsa K1.5 miliyoni, ikabedwa sangakupatseni yoposa yomwe munalembetsa, ndipo ngakhale pokonza atha kukulipirani theka lokha poti munaika pa inshulansi theka la mtengo wake. Kuno kwathu vutoli limabweranso lokha popanda kunama, kumbukirani mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, zinthu zochokera kunja monga njinga ndi masipeya zinakwera nthawi yomweyo pamene mapepala a inshulansi anali ndi mitengo yakale. Ndiye chaka chilichonse pokonzanso policy muziyamba mwafunsa kuti njinga ngati yanuyo ikugulidwa zingati.

Za mapepala sindichulutsa. Blue book ikhale m'dzina lanu, nambala ya injini ndi ya chasisi zifanane ndi zomwe zili pa njingapo, ndipo ngati inalowa kudzera ku Dedza kapena ku Songwe ikhale yoti msonkho wa MRA unalipiridwa. Njinga yopanda nambala palibe kampani yeniyeni ingaiike pa comprehensive.

Kogula kwake, pitani ku ofesi ya kampani kapena kwa broker wovomerezeka, mkhalapakati wogulitsa inshulansi. Makampani alipo angapo, NICO General, General Alliance, Britam, Reunion, Prime, UGI ndi ena, ine sindikusankhirani, tengani ma quotation atatu nkufananiza zomwe zalembedwa mkatimo osati mtengo wokha. Onsewa amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, ndipo kampani ikamakuzungulitsani pa claim popanda chifukwa chomveka mutha kukadandaula kumeneko. Madobadoba oima pa geti aja amene amati ndipatseni ndikupangireni mwachangu asiyeni, ena amagulitsa mapepala abodza ooneka bwinobwino omwe ku kampani kulibe pa kompyuta. Lipirani nokha, landirani lisiti ya kampani, ndipo mupemphe policy yonse osati ka setifiketi kokha.

Chomwe sindingasiye kutchula ndi mnyamata mwini wakeyo. Pa inshulansi zonse tatchulazi thupi lake mulibemo pokhapokha mutaonjezera personal accident, inshulansi yolipira munthu mwini wake akavulala pa ngozi. Mukafika ku wodi ya mafupa ku Queens kapena ku LION, chipatala cha mafupa cha pa Kamuzu Central, mupeza anyamata a njinga atagona ndi zitsulo m'miyendo, chipatala cha boma chithandiza inde koma miyezi yomwe akhale osagwira ntchito banja lake lidzabwera pakhomo panu poti inu ndinu bwana wake. Funsani kuti kuonjezera woyendetsa ndi zingati.

Ngozi ikachitika muuzeni asathawe ndi njinga kukabisa kunyumba, pokhapokha ngati anthu akufuna kumumenya ndiye athamangire ku polisi. Ajambule zithunzi pa foni, atenge nambala ya galimoto inayo ndi ya mboni, lipoti la apolisi lipezeke, ndipo inu mudziwitse kampani msanga chifukwa policy iliyonse ili ndi masiku ake odziwitsira. Musayambe kukonzetsa njinga iwo asanaione, ndipo musasaine pepala lililonse lovomera kulakwa kapena kulonjeza ndalama pamsewu pomwepo.

Munafunsanso kumapeto kwa kalata yanu ngati mungapite nayo kumudzi kwa akazi anu ku Chipata. Inshulansi yanu ya kuno imathera pa Mchinji, kuti mulowe mu Zambia mugule COMESA Yellow Card, third party yogwira ntchito m'maiko omwe ali mu dongosolo lake, ku kampani yanu yomweyo musananyamuke. Mozambique siili mu dongosolo limenelo, ndiye mukadzafuna kupita ku Tete kapena ku Ulongwe third party yawo mudzagula pa boda.