Funsani Amakaniko: Injini ya boti ikutentha pakati pa nyanja

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi boti la matabwa lomwe ndimanyamulira anthu ndi katundu pa nyanja ya Chilwa, kuchoka padoko la Kachulu kupita ku chilumba cha Chisi. Injini yake ndi Yamaha Enduro ya 15 HP. Ndikailiza m'mawa padoko, madzi oziziritsa injini amatuluka bwinobwino pakabowo kakumbuyo kaja. Koma ndikakweza anthu ndi matumba n'kuwonjezera moto, madziwo amayamba kudukiza, kenako amatuluka otentha ndi nthunzi. Impela ya pampu ya madzi anandisinthira miyezi iwiri yapitayo. Mnzanga akuti ndingochotsa thermostat nkhani ithe. Nditani? Ndine wowerenga wanu wa ku Kachulu, Zomba.

YANKHO: Achimwene, thermostat iyo, kachitseko ka m'njira ya madzi oziziritsa injini, isiyeni kaye pomwe ili. Mnzanuyo akukufunirani zabwino, koma wayambira kumchira. Zomwe zingaletse madzi kuyenda m'injini n'zambiri, koma chuluke chuluke ngwa njuchi, umanena iyo yakuluma. Kalata yanu yandiuza kale kuti ndiyang'ane kuti: madzi alipo injini ikamalira pang'onopang'ono, akusowa mukathamanga ndi katundu. Zikatere ine ndimayamba kukayikira polowera madzi ndi pampu, mutu wa injini ndimaufika pomaliza.

Tiyeni tiwatsate madziwo. Amalowa patimabowo ta sefa tomwe tili m'mbali mwa mwendo wa injini, chapansi kufupi ndi pulopela. Pamwamba pa giyabokosi pali pampu, ndipo mkati mwake muli impela ya labala yomwe imazungulira limodzi ndi shafiti yotsika kuchokera kumtunda. Pampuyo imakankhira madzi m'kapaipi kopita kumutu wa injini, azungulire masilinda, adutse pa thermostat, n'kutsika kukatuluka limodzi ndi utsi pakati pa pulopela. Kamadzi komwe mumakaona kakukodzera kumbuyo n'kochepa zedi, ntchito yake n'kungokuuzani kuti pampu ikugwira. Kakhoza kuima injini ili bwinobwino, kabowo kokha katatseka. Kakhozanso kumatuluka injini ikupsa. N'chifukwa chake muzikagwira ndi dzanja. Kazikhala kofunda. Kakayamba kuwotcha kapena kutuluka nthunzi ngati mmene mukunenera, zimitsani pomwepo, ngakhale okwera akalipe. Injini zing'onozing'ono zambiri zilibe belu lochenjeza za kutentha, zimangopita mpaka kunoka.

Kabowo kotulukira kaja musataye nako nthawi yambiri, poti m'mawa kakutulutsa bwino. Pisanimo ulusi wokhuthala wa mbedza, matope kapena dothi la mavu lichoke, basi. Msomali ayi, umakulitsa bowo ndi kuboola kapaipi ka labala kumbuyo kwake.

Tsopano pomwe ndikufuna tikhalitsepo. Chilwa ndi nyanja yosaya, nokha mukudziwa kuti malo ambiri anthu amakankha bwato ndi nsungwi, ndipo Okutobala ndi Novembala akafika madzi amathawa padoko. Ndiye mumatani potuluka pa Kachulu? Mumapendeka injini kuti pulopela isakumbe matope. Sindikukutsutsani, aliyense amatero. Vuto ndi loti ambiri akafika pakuya amaiwala kuitsitsa mpaka pansi, kapena amawonjezera moto ikadali yopendeka. Sefa ikakhala chakumtunda, pampu imakoka madzi osakanikirana ndi mpweya. Pamoto wochepa imakwanitsabe, koma mukathamanga madzi a kumbuyo kwa boti amatsika, sefa n'kutsala pamphepo. Kudukiza kuja n'kumeneko.

Katundu nayenso amachita zomwezo. Matumba a chimanga ndi makireti mukaunjika kutsogolo, anthu n'kukhalanso chakomweko pothawa utsi, mphuno ya boti imamira, matako amadzuka, ndipo injini imadzuka nawo. Padoko boti lili lopanda kanthu, zonsezi simungazione. Yesani izi musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe: ulendo wotsatira sunthirani matumba angapo chapakati ndi chakumbuyo, injini itsike yonse, wina aziyang'ana kamadzi kaja inu mukuwongolera. Kakakhazikika, mwapeza matenda osawononga ndi kobiri lomwe.

Muonenso thabwa lomwe mumamangirirapo injini. Pamwamba pa pulopela pali kachitsulo kafulati kotambalala. Kameneko kayenera kulingana ndi pansi pa boti, kapena kutsikirapo pang'ono osapitirira masentimita awiri ndi theka. Injini ya mwendo waufupi imafuna thabwa la masentimita pafupifupi 38, ya mwendo wautali pafupifupi 51. Amisiri athu okhoma maboti ndi aluso, koma si onse amafunsa kuti pabwera injini yamtundu wanji. Ngati kachitsuloko kali pamwamba pa mzere wa pansi pa boti, kalipentala acheke thabwalo, injini itsike.

Sefa yomweyo muiyang'ane ndi maso, mbali zonse ziwiri. Zidutswa za njedza, ukonde wotha, ndi majumbo omwe tikungotaya m'madzi masiku ano, zonse zimathera pamenepo. Jumbo ndiye wachinyengo: mukathamanga amamatirira pasefa, mukazimitsa amagwa yekha, inu n'kudzutsa mwendo osapezapo kanthu. Madzi akadukiza mwadzidzidzi, chepetsani moto, ikani rivesi kamphindi, muone ngati abwerera.

Zonsezi zikakhala bwino, mwendo utsike, tione pampu. Apa ndili ndi mafunso oti mukawafunse amene anakusinthirani impela, ndipo mukafunse mwaulemu, musakayambane nawo. Loyamba, anasintha labala yekha kapena ndi nyumba yake yomwe? Impela imazungulira m'kakapu kachitsulo, pansi pake pali kambale kachitsulonso, ndipo pansi pa kambaleko pali gasiketi. Madzi a Chilwa ndi amatope okhaokha, ndipo mchenga umakwecha zitsulo zimenezi monga momwe amayi amakwechera poto pachitsime. Yendetsani chikhadabo mkati mwa kakapu ndi pakambale. Chikakodwa mumzere, chitsulocho chatha, ndipo impela yatsopano singachite kanthu chifukwa madzi amathawira m'mizeremo. Gasiketi ikang'ambika ndiye zimaipiratu, poti pampu imayamba kukoka utsi wa m'mwendo m'malo mwa madzi, ndipo utsiwo umachuluka pomwe mwawonjezera moto. Zikufanana ndithu ndi zomwe mwalemba. Ine pa injini yogwira ntchito ku Chilwa sindigula impela yokha, ndimagula seti yonse ya pampu. Imakwera mtengo, inde, koma kutsitsa mwendo kawiri ndi kulipira makaniko kawiri kumaposa pamenepo.

Funso lachiwiri: impela yakaleyo inatuluka yathunthu? Ngati mapiko ena anali odukaduka, zidutswazo sizinasungunuke, zilipo penapake. Zimakakamira m'kapaipi kokwera kumtunda, pansi pa kambale, kapena pakhomo pa thermostat. Madzi ochepa amazilambalala, ochuluka amazikankhira pakhomo n'kutseka. Muchotse chivundikiro cha thermostat, mupope madzi kuchokera kumtunda kutsikira pansi mwendo uli wochotsa, ndipo muike beseni kuti muone zomwe zikugwa.

Lachitatu ndi la kabwezeredwe. Pamwamba pa pampu pali kalabala komwe kapaipi kaja kamalowamo. Pokweza mwendo munthu saona bwino mkati, ndiye kapaipi kamatha kuphonya kapena kupinda kalabalako. Madzi ena amakwera, ena amangokhuthukira m'mwendo. Palinso kakiyi kakang'ono komwe kamagwirizitsa impela ndi shafiti. Kakagwa kapena kakadyeka, shafiti imazungulira yokha. Ndipo impela zina zotchipa zomwe zadzaza m'mashopu zimasiyana labala ndi kachitsulo ka pakati, kunja zikuoneka zatsopano. Igwireni m'manja, mupotoze pakati pake. Pakaterereka, tayani.

Ngati mukumanga nokha, musaiwale kumasula kandodo ka magiya musanakoke mwendo. Pakani impela madzi a sopo, ndipo potsitsa nyumba ya pampu zungulizani shafiti motsata mivi ya wotchi mukuyang'ana kuchokera pamwamba, kuti mapiko apindikire mbali yoyenera. Girisi pakani m'mano a shafiti m'mbali mokha, pansonga penipeni ayi, chifukwa amaletsa shafiti kulowa mpaka kumapeto. Poti mwendo uli pansi kale, masulani kasikuluwu ka oyilo wa giyabokosi mudontheze pang'ono. Akakhala woyera ngati mkaka, madzi akulowa, ndipo masilo, malabala otchinga madzi, nawo akufunika kusintha.

Tibwerere kwa mnzanu uja. Thermostat ndi kachitseko komwe kamatsekereza madzi mpaka injini itafunda, kenako kamatseguka, pa injini zambiri zamtunduwu pakati pa madigiri 50 ndi 60. Imafa ndithu, makamaka ikamata mchere ndi matope. Koma kuiyeza n'kosavuta. Imangeni ndi ulusi, muilendeweretse mumphika wa madzi pamoto isakhudze pansi. Iyenera kutseguka madzi asanayambe n'kuwira komwe, ndipo ibwerere yokha ikazizira. Ikakana, gulani ina. Mukayenda opanda, injini imagwira ntchito yozizira kwambiri, mapulagi amada msanga, mwaye umachuluka m'masilinda, ndipo petulo amapita wambiri. Ndiye muzimumwaza dala? Komanso ngati vuto lili pansi, kuchotsa thermostat kumangolibisa kwa masabata ochepa. Pomwe ndimavomera kuichotsa ndi pamene yakufera pakati pa nyanja, kuti mukafike kumtunda.

Chivundikiro chake chomwecho chimathandiza kugawa mlandu. Ikani mwendo mumgolo wa madzi, madzi apitirire pomwe pali pampu, giya ikhale pa fulii. Chotsani chivundikiro ndi thermostat, lizani kwa masekondi ochepa chabe. Madzi akatumphuka mwamphamvu, pampu ikukankha, vuto lili kumtunda. Akamangosefukira mwaulesi, lili pansi. Koma mgolo usakunamizeni: mmenemo madzi ali phee ndipo afika okha papampu, choncho pampu yofooka imaoneka yamoyo. Chiweruzo chenicheni chili panyanja, boti litanyamula.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi nthunzi mwatchulayo. Injini yomwe yatentha kangapo imatha kuwotcha gasiketi ya kumutu, ndipo ikatero mpweya wa m'silinda umalowa m'njira za madzi n'kumawabweza. Zizindikiro zake zimafanana ndi za pampu, kamadzi kamalavula thovu mukawonjezera moto. Masulani mapulagi onse awiri muwayerekeze. Imodzi ikakhala yoyera mbee ngati yatsukidwa, kapena ili ndi timadontho ta madzi, pitani nayo kwa makaniko yemwe ali ndi geji ya kompuresheni. Masilinda awiriwo ayenera kuwerenga moyandikana. Akatsegula mutu, apaletu ndi njira za madzi, chifukwa Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi, zomwe mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Thondwe imabweretsa zimatsala momwemo, ndiye madzi ake ndi amchere. Mcherewo ndi matope zimauma m'njira zija n'kuzichepetsa. Mukapeza mpata, injini muziiliza mumgolo wa madzi oyera kwa mphindi zingapo, makamaka musanaisunge.

Mukanati mwabwera nayo kugalaja kwanga kuno ku Zomba, ndikanabetcha pa zinthu ziwiri: injini yakhala pamwamba boti likanyamula, kapena kakapu ndi gasiketi za pampu sizinasinthidwe. Yambani ndi choyambacho poti n'chaulere. Ndipo mpaka mutapeza vuto, musanyamule anthu opanda nkhafi ndi nsungwi m'boti. Mwera ukakupezani injini itazima pakati pa Kachulu ndi Chisi, si nkhani ya impela ayi.

FUNSO: Amuna anga anamwalira n'kundisiyira injini ya boti yomwe yakhala m'nyumba kuyambira pomwe nyanja inaphwa mu 2018. Pali munthu akufuna kuigula, koma akuti tiilize kaye pakhonde amve kulira kwake. Ndilole? Ndine mayi wa ku Jali.

YANKHO: Pepani ndi zovutazo, mayi. Musalole, ngakhale anene kuti ndi kamphindi chabe. Impela imadalira madzi kuti iterere ndi kuzizira, ndipo pouma imapsa mphindi imodzi isanathe. Yanuyo, poti yakhala zaka zonsezi osazungulira, labala wake wauma ndipo mapiko anapindikiratu mbali imodzi. Ikangolira adzathothoka, zidutswa n'kukwera kumtunda, ndipo wogulayo adzapeza chifukwa chokutsitsirani mtengo.

Itanani makaniko wanu, osati wobwera ndi wogulayo. Asinthe impela, achotse mapulagi n'kuthira timadontho ta oyilo m'masilinda, akoke chingwe pang'onopang'ono aone ngati injini ikuzungulira. Petulo wakale yense atayidwe, kabuleta atsukidwe, oyilo wa giyabokosi asinthidwe. Akatero muimangirire pamgolo wodzaza madzi, ndipo wogulayo abwere adzaone yekha kamadzi kakutuluka kumbuyo. Impela yakaleyo ndi lisiti la yatsopano musunge, mudzamuonetse pokambirana mtengo.