Anakonza mtima, nanga m'mimbamu?

Kalata ya achemwali ena yandisowetsa tulo sabata ino. Anachitidwa opaleshoni ya mtima yotchedwa Fontan ali ndi zaka 4, pano ali ndi 31, ndipo akufunsa ngati asiye mazira n'kuyamba kumwa ma probiotic (mabakiteriya amoyo omwe amati amathandiza m'matumbo), poti awerenga kuti mabakiteriya a m'matumbo amatulutsa zinthu zowononga mtima.

Achemwali, chipsera cha opaleshoni imeneyo nanenso ndili nacho, kuchokera pansi pa khosi mpaka pamwamba pa mimba. Ndikukula, aliyense ankangoti "anachira uyu," ine n'kukhulupirira. Nditafika zaka 26, nsapato zinayamba kundithina madzulo. Ndikavula sokosi, pamwendo pankatsala mzere wozama wosafuna kufufutika. Mimba inkauma ngati ng'oma, ndipo dzuwa lisanafike pamutu ndinkakhala nditapita kuchimbudzi kanayi. Dokotala amene ndinayamba kumuona anandimvetsera pachifuwa, nati mtima ukugunda bwino, ndichepetse maganizo. Chaka chathunthu chinapita ndikunamizira zakudya. Atadzandiyeza magazi kwina, anapeza albumin, puloteni ya m'magazi, itatsikiratu. Mapuloteni ankatayikira m'matumbo, vuto limene amalitcha protein-losing enteropathy. Mpaka lero ndikakumbukira mawu aja akuti "chepetsani maganizo" mtima umandiwawa.

Francis Fontan atachita opaleshoniyi koyamba ku Bordeaux m'dziko la France mu 1968, anapulumutsa ana obadwa ndi chipinda chimodzi chokha chopopa magazi. Koma magazi obwerera kuchokera m'thupi amalowa m'mapapo okha, popanda chowakankha. Ndiye amaunjikana m'mitsempha, chiwindi ndi matumbo n'kumakhala ngati nthaka yodikha madzi, chaka ndi chaka. Mabakiteriya okhala m'matumbo oterowo angakhale bwanji ofanana ndi a munthu wina aliyense?

Zimene mwawerengazo n'kutheka ndi za chinthu chopezeka m'magazi chotchedwa TMAO. Mu 2011 gulu la Stanley Hazen ku chipatala cha Cleveland Clinic ku America linasonyeza kuti mabakiteriya akadya choline, imene ili yambiri mu yolk ya dzira, amatulutsa chinthu chotchedwa TMA, chiwindi n'kuisandutsa TMAO, ndipo anthu amene anali nayo yambiri m'magazi ankadwala mtima kwambiri. Carnitine ya mu nyama yofiira imatsata njira yomweyo. Koma anthu amenewo vuto lawo linali mitsempha yotsekeka ndi mafuta, osati mtima wobadwa wopereweza ngati wathu. Komanso TMAO imapangidwa ndi chiwindi, imachotsedwa ndi impso, ziwalo ziwiri zomwe kwa ife zimavutika kale. Ikakwera, mlandu ndi wa dzira kapena wa impso? Nsomba za m'nyanja yamchere zimaikweza kuposa mazira, koma sindinamvepo dokotala wa mtima akuletsa nsomba.

Chimene chimandinyansa ndi ogulitsa mabotolo a ma probiotic pa intaneti. Amadziwa kuti ife tinakula tikuopa imfa, ndiye amatigulitsa mantha athu omwe. Ndinagulapo botolo limodzi, sindikana. Miyendo inapitiriza kutupa, ndalama zokha ndi zimene zinaphwa.

Nanga mazira?

Musawasiye chifukwa cha nkhani ya pa intaneti. Ngati albumin yanu ndi yotsika, mapuloteni mukuwafuna koposa. Nyemba, masamba ndi zipatso zili ndi fiber imene mabakiteriya amaisandutsa butyrate, chakudya cha khungu la m'kati mwa matumbo aakulu. Ma probiotic musayambe musanafunse dokotala woona akuluakulu obadwa ndi vuto la mtima, chifukwa mwa apo ndi apo Lactobacillus, bakiteriya wopezeka mu ma probiotic, walowapo m'magazi n'kukakhazikika pa vavu ya mtima. Ngati mumamwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, dziwani kuti ma antibiotic amapha mabakiteriya opanga vitamini K amene amathandiza magazi kuundana, choncho mukapatsidwa ma antibiotic yezetsani INR, muyezo wa mmene magazi akuundanira. Ndipo mukadzapita, mukapemphe kuti akuyezeni albumin, chiwindi ndi impso, mukawauzenso za sokosi ngati nanu zikukusiyirani mzere.