Log ikakhala phee, funsani amene anaona process ikufa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati app yanu ya Node ili pa VPS (seva yobwereka ya pa intaneti) ya Ubuntu yokhala ndi memory ya 1 GB, Nginx ili kutsogolo kulandira ma request n'kuwapereka kwa app, PM2 ndiyo ikuiyendetsa ndi kuidzutsa ikagwa, ndipo kawiri kapena katatu pa sabata makasitomala amaona 502 Bad Gateway kwa kanthawi kenako zonse n'kubwerera mwakale, koma mukatsegula log ya app mumapeza mulibe kalikonse. Ndaona ena pamwambapa akuti mugule seva yaikulu, winanso wati musiye Node mubwerere ku PHP. Dikirani kaye, madola ake olipirira seva yaikuluyo mukudziwa nokha mmene akuvutira kupeza.

Kukhala chete kwa log kumeneko ndi umboni kale. Pamaliro womwalira safotokoza yekha mmene anadwalira, amaimirira ndi wachibale amene anali pambali pa mphasa. Process, kutanthauza app yanu pamene ikuyenda, ikamafa chifukwa cha cholakwika cha mu code yanu, imapeza mpata wolemba stack trace, mizere yosonyeza pamene error inachitikira, isanatsirizike. Koma ikaphedwa ndi SIGKILL, signal nambala 9, lamulo lochokera kunja loti ife pomwepo, siipatsidwa mpata ngakhale wotsanzika. Palibe try ndi catch, palibe handler imene ingagwire signal imeneyo. Ndiye lekani kukumba log ya malemuyo, pitani kwa amene analipo: PM2, kernel ya Linux (mtima wa system, umene umagawa memory kwa ma process) ndi Nginx.

Yambani ndi PM2. Ambiri timangoyang'ana mu foda ya ~/.pm2/logs momwe muli zimene app yathu inalemba, n'kuiwala kuti PM2 ili ndi kabuku kakekake, ~/.pm2/pm2.log. Lembani grep -i exited ~/.pm2/pm2.log, muona mizere yonena kuti app inatuluka ndi code yanji, kudzera pa signal yanji, nthawi yanji. Chenjezo limodzi: PM2 imalemba SIGINT ngakhale pamene panalibe signal iliyonse, ndiye mukaona code 1 ndi SIGINT musayambe kusaka munthu amene anadina Ctrl+C, app inangofa ndi error yake. Mukaona SIGKILL, werenganinso mizere ya pamwamba pake, chifukwa PM2 nayonso imapha: ikapempha app kuti iime koma osaima, imadikira ma millisecond 1600 kenako n'kuitumizira SIGKILL. Ngati palibe mzere wosonyeza kuti PM2 inkafuna kuimitsa app, wakupha ndi wina.

Kwa anzathu a Docker kapena amene amayendetsa app kudzera mu shell script, nkhani yomweyi imabwera ngati nambala ya code imene process inatuluka nayo. Chotsanipo 128 mupeza signal. 137 ndi SIGKILL, 139 ndi SIGSEGV, 134 ndi SIGABRT, 143 ndi SIGTERM. Ya 143 nthawi zambiri si ngozi, winawake kapena deploy inapempha process kuti itseke. Ya 139 mu Node kawirikawiri imachokera ku ma module olembedwa mu C kapena C++, nthawi zina mukakopera node_modules kuchoka pa laputopu kupita pa seva m'malo mochita install pomwepo.

Kenako kernel. Lembani sudo dmesg -T | grep -i "killed process". Mukaona mzere woyamba ndi "Out of memory: Killed process", wokhala ndi nambala ya process, dzina lake ndi anon-rss (memory imene inagwira), mlandu watha. Ameneyo ndi OOM killer: memory ikatheratu, Linux imasankha process imodzi, kawirikawiri imene yadya kwambiri, n'kuipha kuti makina onse asaume. Ineyo mutandifunsa, pa seva ya 1 GB yopanda swap (malo a pa disk othandizira memory ikachepa) ndikukayikira kwambiri ameneyu. Dziwaninso kuti dmesg imafufutika seva ikachita reboot. Zakale mungazipeze ndi journalctl -k -b -1, bola foda ya /var/log/journal ikhale ilipo, apo ayi journal imangokhala mu memory ndipo imapita limodzi ndi reboot.

Ndikuuzeni zimene zinandigwera ine. Ndinkasamalira system ya kampani ina, sinditchula dzina, imene inkatulutsa ma payslip a PDF pogwiritsa ntchito Puppeteer, chida choyendetsa browser ya Chromium kuchokera mu Node. Mwezi wonse system ili bwinobwino, koma kukangofika cha pa 25, foni kulira, abwana a ku accounts akuti "system yanu ija yagwanso". Ndinatha miyezi iwiri ndikuwonjezera console.log paliponse ngati munthu wothira mchere m'ndiwo zosapsa. Tsiku limene ndinatsegula dmesg ndinachita manyazi. Nthawi zina wophedwa anali node, nthawi zina mysqld (database ya MySQL), koma wodya memory weniweni anali Chromium. Code yanga inkatsegula browser pa payslip iliyonse, ndipo PDF ikalephera, mzere wotseka browser sunkafikiridwa chifukwa sindinauike mu finally. Nditalemba ps aux --sort=-rss | head ndinapeza ma Chromium ali ndandanda, amasiye okhaokha. Onani kuti amene waphedwa sikuti ndiye wolakwa nthawi zonse. Pamwamba pa mzere wa Killed process kernel imasindikiza tebulo la ma process onse ndi memory imene aliyense anagwira panthawiyo. Tebulo limenelo muliwerenge, musalidumphe.

Pali imfa ina ya memory imene anthu amaisokoneza ndi iyi. V8, injini ya JavaScript ya mu Node, ili ndi malire akeake a heap, memory imene imasungiramo zinthu za code yanu. Ikafika pamenepo imalemba "JavaScript heap out of memory" n'kudzipha yokha ndi SIGABRT. Imeneyi imasiya uthenga mu error log, ndiye kwa inu mwina si imeneyo, pokhapokha ngati mwakhala mukuyang'ana fayilo ya out yokha osatsegula ya error. Malangizo ofala pa intaneti ndi akuti kwezani malire a heap ndi --max-old-space-size kufika 4096, kutanthauza 4 GB. Pa seva ya 1 GB amenewo ndi malangizo oipa, mwangouza Node kuti idye chakudya chimene m'nkhokwe mulibe, ndipo m'malo mofa ndi uthenga womveka idzaphedwa mwakachetechete ndi kernel. Ndi bwino kuika malire ochepera pa memory imene muli nayo, kuti ikamafa izinena chimene chaipha. Onjezaninso --report-on-fatalerror, Node idzakusiyirani fayilo ya JSON yofotokoza mmene zinthu zinalili pa mphindi yomaliza.

Ngati pm2.log ikuonetsa code 1 koma stack trace osaoneka, kayikirani logger yanu. Ma logger ngati winston, kapena pino ikamalemba mosadikira, amatha kusunga mizere mu buffer, ndipo process ikatuluka mwadzidzidzi mizere yomaliza, yofunikira kwambiriyo, imapita nayo kumanda. Mu handler ya uncaughtException lembani error ndi fs.writeSync molunjika ku stderr, mukatero tulukani ndi code 1, PM2 idzutse process yatsopano. Musagwire error n'kupitiriza ngati palibe chachitika. Ndinaonapo anthu akunyadira kuti app yawo siigwanso, pamene ikuyenda ndi ma connection a database othyoka n'kumalemba zinthu theka. Komanso kumbukirani kuti kuyambira Node 15, imene inatuluka mu 2020, promise imene yakanidwa popanda woigwira imagwetsa process yonse, pamene kale inkangotulutsa chenjezo. Code yakale imene "inkayenda bwinobwino" pa Node 14 ikhoza kuyamba kufa mutangokweza version.

Nginx ndi mboni yachitatu, ndipo ubwino wake ndi woti imakuuzani request imene inali m'njira. Mu /var/log/nginx/error.log sakani mawu awiri. "upstream prematurely closed connection" ndiye kuti app inalandira request n'kufa isanayankhe, ndipo pamzere womwewo pali URL yake. Ameneyo ndi woganiziridwa woyamba. "Connection refused" ndi ma request amene anafika app itafa kale, angokhala anthu ofika pakhomo maliro atachitika, musataye nawo nthawi. Mukapeza kuti URL yomweyomweyo ikubwera imfa iliyonse, kaya ndi ya export ya Excel, kaya ya upload ya zithunzi, mwachepetsa ntchito ndi theka. Koma mukaona "upstream timed out" ndi 504, app siinafe, yangokakamira penapake, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Apa pali kamsampha kamene kamatikola tonse: nthawi. Ma VPS ambiri amabwera ali pa UTC, ife tili maola awiri kutsogolo. Kasitomala akati zinavuta 2 koloko masana, mu log sakani cha m'ma 12:00. Lembani timedatectl muone seva yanu ili pa nthawi yanji. Ndipo PM2 siika nthawi pa mizere ya log ya app pokhapokha mutaiuza, ndiye yambitsani app ndi --time, kapena ikani time: true mu ecosystem file, fayilo ya ma setting a PM2. Log yopanda nthawi simungailumikize ndi ya Nginx kapena ya kernel.

Musaiwale df -h. Disk ikadzaza log imasiya kulembedwa, ndipo mumaona ngati app inafa mwakachetechete pamene inalibe polemba. Ma log a PM2 eniakewo ndi amene amakonda kudzaza disk, chifukwa sadulidwa okha, muike pm2-logrotate. Onaninso df -i, ma inode, amene amaika malire a kuchuluka kwa mafayilo pa disk, amatha kutha malo akadalipo.

Ndikanakhala ine usiku uno ndikanachita izi. Ndikanaika swap file ya 1 GB kapena 2 GB, osati ngati mankhwala koma kuti seva izichedwa kaye isanayambe kupha. Ndikanaika max_memory_restart mu PM2 kuti app ikafufuma kwambiri iyambitsidwenso mwaulemu, ndipo PM2 imalemba chifukwa chake. Kenako ka cron, ntchito yodziyendetsa yokha pa nthawi yoikika, kolemba zotsatira za free -m ndi ps mu fayilo mphindi zisanu zilizonse. Pakatha masiku atatu mudzaona nokha: memory ikamakwera pang'onopang'ono osatsika, muli ndi leak, mwina array kapena cache imene mumangoikamo zinthu osachotsa. Ikamakhala pansi kenako n'kulumpha kamodzi n'kamodzi, pali request imodzi yadyera, monga yokoka tebulo lonse la database kulowetsa mu memory. Mavuto awiriwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo pa leak seva yaikulu imangotalikitsa masiku a pakati pa imfa ndi imfa.

Zida zotumiza malipoti a ma error ngati Sentry ndi zabwino, ikani ndithu, koma dziwani kuti zimakhala mkati mwa process yomweyo. Ikaphedwa ndi SIGKILL nazonso zimafa zisanatumize kanthu.

Tiponyereni pano zinthu zitatu: mizere ya exited ya mu pm2.log, zimene dmesg yatulutsa, ndi mizere khumi ya error.log ya Nginx ya nthawi imene 502 inaoneka komaliza. Musanaponye fufutani ma IP, ma token ndi manambala a foni a makasitomala, makamaka ngati muli ma callback a mobile money, gulu lino ndi lalikulu ndipo sitidziwana tonse. Ndipo chonde ikani ngati mawu, osati chithunzi cha sikirini chojambula ndi foni, maso a enafe anayamba kale kutopa.